Njinga yamoto ikakana kulira itakhalitsa: mmene mungapezere vuto la kabuleta

Mvula ikakata ndipo misewu ya kumidzi ikayamba kuuma, njinga zamoto zambiri zimene zinali chiimire m'makonde ndi m'zipinda zimatulutsidwa panja. Zina zinaima chifukwa matope ndi mitsinje yodzaza zinatseka njira. Zina eni ake anatanganidwa ndi kumunda, kapena anadwala, kapena anapita kukagwira ntchito kutali. Palinso zimene zinaimikidwa nthawi imene petulo ankasowa, kapena pamene ndalama yogulira tayala inachedwa kupezeka. Tsiku lozitulutsa likafika, nkhani imakhala imodzimodzi: mwini njinga amaipukuta fumbi, amamenya kiki mpaka thukuta, koma injini ili zii. Ikati yalira, imangotsokomola pang'ono n'kuzima.

Kwa mabanja ambiri m'mawadi athu, njinga yamoto ndiyo imabweretsa chakudya pakhomo. Imayenda kabaza, imanyamula tomato ndi mtedza kupita kumsika, ndipo usiku ndiyo imathamangitsira mayi woyembekezera kuchipatala. Ambiri anaigula pangongole, ndipo ngongole siyembekeza kuti injini ilire. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ena amataya ndalama kawiri: amataya ya masiku amene njinga yaima, kenaka amagula batire, pulagi ndi kabuleta yatsopano mongoganizira, pamene vuto linali kabowo kamodzi kotsekeka. Njinga imene inali bwinobwino tsiku loimikidwa, kawirikawiri imakhala kuti sinawonongeke. Petulo wakale ndiye amakhala atauma m'kati n'kutseka njira. Mukafufuza mwadongosolo, kuyambira ku thanki kutsikira ku injini, vutolo mungalipeze nokha, kapena mungakafotokoze bwino kwa makaniko.

Ntchito ya kabuleta

Injini siyaka ndi petulo yekha. Imafuna petulo wosakanizidwa ndi mpweya pa mlingo woyenera, womwe ndi pafupifupi magawo 15 a mpweya pa gawo limodzi la petulo, poyeza kulemera kwake. Chipangizo chimene chimasakaniza ziwirizi ndi kabuleta. Njinga zambiri za kabaza, monga Bajaj Boxer, TVS, Lifo ndi King Lion, zimene injini zake ndi za 100cc mpaka 150cc, zili ndi kabuleta imodzi yomwe imakhala pakati pa sefa ya mpweya ndi injini. Njinga zina zamakono zimathira petulo m'injini mothandizidwa ndi kompyuta ndipo zilibe kabuleta. Malangizo ano sakukhudza zimenezo.

Pansi pa kabuleta pali kambale kosungira petulo pang'ono. M'kambalemo muli fuloti, yomwe imayandama pa petulo. Petulo akadzaza, fuloti imakwera n'kukankha kansingano kokhala ndi nsonga ya labala, ndipo kansinganoko kamatseka khomo. Petulo akachepa, fuloti imatsika, khomo limatseguka. Kuchokera m'kambalemo, petulo amakokedwa ndi mpweya wothamangira ku injini kudzera m'timabowo ta mkuwa totchedwa majeti. Jeti yaing'ono, imene amakaniko amaitchula kuti pilot jet, imadyetsa injini polizidwa, pamene ikulira njinga itaima, ndiponso pamene mwangopereka moto pang'ono. Jeti yaikulu imagwira ntchito kwambiri mukapereka moto wambiri. Pakati pa ziwirizi pali nsingano yaitali imene imakwera ndi kutsika mukamapotokola chogwirira cha moto. Palinso choke, yomwe imachulukitsa petulo pa mpweya kuti injini yozizira ilire msanga.

Chofunika kukumbukira ndi kukula kwa timabowoti. Bowo la jeti yaikulu pa njinga zoterezi ndi pafupifupi milimita imodzi, pamene la jeti yaing'ono silifika ndi theka la milimita lomwe. Kanthu kochepa ngati kamchenga kamodzi n'kokwanira kulitseka.

Chimene chimachitika njinga ikaima nthawi yaitali

Petulo ndi msakanizo wa mafuta opepuka ndi olemera. Opepukawo, amene amathandiza injini kulira msanga, ndiwo amayamba kuuluka. Kambale ka kabuleta kali ndi kabowo kopumira, choncho petulo wa mmenemo amauluka mofulumira kuposa wa m'thanki, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Pakatha mwezi umodzi kapena itatu, amasiya zomata zofiirira, zofanana ndi vanishi, m'kambale ndi m'majeti. Jeti yaing'ono ndiyo imayamba kutsekeka.

Chachiwiri ndi madzi. Kuyambira mu 1982, petulo wogulitsidwa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa kuchokera ku molasesi, zotsala popanga shuga. Fakitale yoyamba inali ya ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota, ndipo ina, ya PressCane ku Chikwawa, inayamba ntchito mu 2004. Njira imeneyi imachepetsa mafuta oitanitsa kunja, ndipo njinga yoyenda tsiku ndi tsiku siona vuto lililonse. Koma ethanol amakoka chinyontho cha mumpweya. Njinga ikaima dzinja lonse thanki ili theka, madzi amachuluka pang'onopang'ono mpaka amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi. Madziwo amachititsa dzimbiri m'thanki, amadya chitsulo cha kabuleta n'kusiya zoyera ngati phulusa, ndipo ndiwo amayamba kulowa m'injini chifukwa kampopi ka petulo kamatunga pansi. Petulo wogulidwa m'mabotolo ndi m'zigubu m'mbali mwa msewu angawonjezere vutoli, pakuti simudziwa kuti wakhala nthawi yaitali bwanji kapena kuti chigubucho munali chiyani.

Chachitatu ndi labala ndi tizilombo. Mapaipi a labala amauma n'kung'aluka. Makoswe amamanga zisa m'bokosi la sefa ya mpweya, ndipo tizilombo toumba nyumba zadothi timatseka timapaipi topumira ngakhalenso kukamwa kwa ekizozi.

Musanagwire sipanala

Ntchito iyi igwiridwe panja, masana, pamalo opita mphepo. Nthunzi ya petulo imalemera kuposa mpweya, choncho imayenda chapansipansi ndipo ingakafike pa mbaula kapena pa moto wa kukhitchini umene mukuuona ngati uli patali. Pasakhale wosuta fodya, kandulo kapena nyali yamafuta, ndipo ana atalikire. Khalani ndi ndowa ya mchenga pafupi. Moto wa petulo sauzimitsa ndi madzi, chifukwa petulo amayandama pamadzi ndipo motowo umafalikira. Musakoke petulo ndi pakamwa, pakuti akalowa m'mapapo amavulaza kwambiri. Komanso musalize njinga m'nyumba yotseka: utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene suoneka ndipo sununkha.

Zida zofunika ndi zochepa: sikuludiraiva zokwana bwino pa masikuluwu, masipanala ang'onoang'ono, sipanala ya pulagi, botolo lagalasi loyera, nsalu yoyera, mswachi wakale, pampu ya njinga yakapalasa, ndi petulo watsopano lita imodzi kapena awiri. Ngati mungapeze mankhwala opopera otsukira kabuleta m'sitolo ya zipangizo za njinga, ntchito imapepuka.

Yambani ndi zapafupi

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Musathamangire kumasula kabuleta musanaone zinthu zosafuna ndalama.

Choyamba, onani ngati kiyi ndi swichi yozimitsira injini zili pamalo oyenera, ndiponso ngati kampopi ka petulo kali pa ON kapena RES. Njinga zina sizilira batire likafooka, ngakhale mumenye kiki, choncho yesani hutala ndi magetsi.

Chachiwiri, tsegulani thanki ndi kununkhiza. Petulo wakale amanunkha ngati penti wakale ndipo amaoneka wodera ngati tiyi. Tsekani kampopi, chotsani paipi pamene yalowera ku kabuleta, iloze m'botolo lagalasi, kenaka tsegulani. Petulo ayenera kutuluka mosadukiza. Akamangodontha, ndiye kuti kasefa ka m'kampopi kapena ka pa paipi katsekeka ndi dzimbiri. Akayamba kutuluka bwino kenaka n'kuleka, koma n'kuyambiranso mukatsegula chivindikiro cha thanki, vuto ndi kabowo kopumira ka pa chivindikirocho. Lisiyeni botolo likhazikike mphindi zingapo. Madzi akakhalamo, mudzaona mzere wolekanitsa, madzi ali pansi, petulo ali pamwamba. Mukaona madzi, dzimbiri kapena mtundu wodera, khuthulani thanki yonse, itsukuluzeni ndi petulo watsopano pang'ono, kenaka thirani watsopano. Kutsuka kabuleta thanki ikadali yakuda n'kungotaya nthawi, chifukwa mawa lake idzatsekekanso.

Chachitatu, masulani kasikuluwu kokhuthulira kamene kali pansi pa kambale ka kabuleta, kuti petulo wakale atuluke. Tsegulani kampopi kwa kanthawi kuti watsopano atsukuluze m'kati, kenaka mangani. Pakapanda kutuluka kanthu pamene paipi ikubweretsa petulo, kansingano ka fuloti kamatirira. Nthawi zina kugogoda pang'ono pa kambale ndi chogwirira cha sikuludiraiva kumakamasula.

Chachinayi, tsegulani bokosi la sefa ya mpweya ndi kuchotsa zinyalala. Sefa ya siponji itsukidwe, iume, kenaka ipakidwe oyilo pang'ono n'kufinyidwa. Sefa ya pepala siitsukidwa ndi madzi. Ikada kwambiri isinthidwe. Onaninso kukamwa kwa ekizozi.

Chachisanu, chotsani pulagi. Ibwezereni m'chipewa chake, igunditseni pa chitsulo cha injini kutali ndi bowo lake ndi petulo aliyense wotayika, gwirani pa labala pokha, ndipo menyani kiki. Moto wabuluu ukathetheka, mbali ya magetsi ili bwino. Ukapanda kuoneka, yesani pulagi ina. Vutolo si la kabuleta. Pulagi ikakhala youma mutamenya kiki kambirimbiri, petulo sakufika. Ikakhala yonyowa, petulo wachuluka kapena ndi woipa.

Pali kuyesa kumodzi kumene kumathetsa chikaiko. Thirani madontho ochepa a petulo watsopano m'bowo la pulagi, osapitirira theka la kasupuni ka tiyi, mangani pulagi, lizani. Injini ikalira kanthawi kochepa n'kuzima, ndiye kuti injini ndi magetsi zili bwino, ndipo chimene chikulephera ndi kabuleta.

Zizindikiro ndi tanthauzo lake

Njinga imene yakhalitsa imaonetsa yokha pamene pali vuto, mukaimvetsera bwino.

Ikamalira choke ili yotsegula, n'kuzima mukangoibweza ngakhale injini yatentha, jeti yaing'ono yatsekeka. Ili ndilo vuto lofala kuposa onse. Chimodzimodzinso ikamafuna kuti muzipereka moto nthawi zonse kuti isazime pamene mwaima.

Ikamalira bwino itaima koma n'kutsamwa mukapereka moto wambiri, kapena kusowa mphamvu pachitunda, onani jeti yaikulu ndi timabowo ta m'mbali mwa kachubu kamene jetiyo imamangidwapo. Ikayenda bwino mtunda waufupi, n'kuzima, n'kuliranso mutadikira pang'ono, petulo akulowa m'kambale mochedwa. Bwererani ku kampopi, kasefa ndi chivindikiro cha thanki.

Petulo akamadontha pa kapaipi ka pansi pa kabuleta, kansingano ka fuloti sikakutseka chifukwa cha zinyalala kapena kutha kwa nsonga yake, kapenanso fuloti yaboola ndipo yamira. Utsi wakuda, fungo la petulo ku ekizozi ndi pulagi ya mwaye zimasonyeza kuti petulo wachuluka: choke yakakamira, sefa ya mpweya yatsekeka, kapena petulo wakwera kwambiri m'kambale.

Injini ikamalira mokweza yokha, kapena kuchedwa kutsika mukabweza moto, mpweya ukulowera penapake. Kawirikawiri polowera pake ndi labala wolumikiza kabuleta ndi injini, amene wang'aluka kapena sanamangidwe bwino. Vuto limeneli musalinyozere, chifukwa petulo akachepa pa mpweya injini imatentha mopitirira ndipo ingapse. Pulagi yake imaoneka yoyera mbuu. Pulagi ya injini yosakaniza bwino imakhala yofiirira ngati dothi louma.

Kutsuka kabuleta

Yalani nsalu yoyera pamalo osalala. Ngati muli ndi foni yojambula, jambulani kabuleta musanaimasule ndiponso pa gawo lililonse, kuti pobwezera musasokoneze. Tsekani kampopi, khuthulani kambale, chotsani paipi ya petulo, ndipo masulani zomangira za mbali ya sefa ndi ya injini. Masulani chivindikiro cha pamwamba ndi kutulutsa kapisitoni pamodzi ndi nsingano yaitali ndi sipuling'i yake, mosamala kuti nsinganoyo isapindike. Tsekani khomo la injini ndi nsalu kuti fumbi lisalowe.

Tembenuzani kabuleta ndi kumasula masikuluwu a kambale. Ndi ofewa, choncho kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu kuti mitu yake isaphwanyike. Solani kamtengo kachitsulo kogwira fuloti, ndi kuchotsa fuloti pamodzi ndi kansingano kake. Gwedezani fuloti pafupi ndi khutu. Mukamva petulo m'kati, yaboola ndipo iyenera kusinthidwa. Nsonga ya kansingano ikakhala ndi mzere wodyeka, nakonso kasinthidwe.

Masulani majeti onse awiri ndi kuwayang'ana moloza kuwala. Bowo labwino limaoneka lozungulira bwinobwino. Musanachotse kasikuluwu kochunira msakanizo, kamangeni pang'onopang'ono mpaka kagunde, osakakamiza, mukuwerenga kuti kazungulira kangati, ndipo lembani nambalayo. Kali ndi sipuling'i yaing'ono, ndipo pa makabuleta ena palinso kawashala ndi kalabala, zomwe zimatayika mosavuta.

Chotsani zonse za labala musanapopere mankhwala, chifukwa mankhwalawo amatupitsa labala. Viikani majeti ndi kutsuka kambale ndi mswachi. Poperani njira iliyonse ya m'kabuleta mpaka muone mankhwala akutulukira mbali ina, maso anu mutawatchinjiriza, kenaka umitsani ndi mphepo ya pampu. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amatokosa jeti ndi singano yosokera kapena waya wachitsulo. Mkuwa ndi wofewa. Bowo likakula ngakhale pang'ono, njinga imayamba kumwa petulo wambiri ndipo siingachunikenso bwino. Gwiritsani ntchito kaubweya kamodzi ka mswachi. Jeti ikakana kutseguka, gulani ina yokhala ndi nambala yofanana ndi yolembedwa pa yakaleyo. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi kabuleta yathunthu.

Pobwezera, mangani majeti mosapyoza muyeso, musapinde kachitsulo ka fuloti, ndipo gasiketi ya kambale ikakhala yophwanyika isinthidwe. Kapisitoni kamalowa mbali imodzi yokha, motsata kamzere kake. Musanalize injini, potokolani chogwirira cha moto ndi kuchisiya: chiyenera kubwerera chokha msanga. Chikamakakamira, musakwere njingayo, chifukwa ingathamange yokha pakati pa anthu.

Kuchuna ndi kuyesa

Bwezerani kasikuluwu ka msakanizo pa nambala imene munalemba. Pa njinga zambiri zazing'ono imakhala pakati pa kuzungulira kamodzi ndi theka ndi kawiri, koma buku la njinga yanu ndilo loyenera kutsatidwa. Tsegulani kampopi, dikirani mphindi imodzi, ndipo onetsetsani kuti palibe podontha. Lizani ndi choke, ibwezeni injini ikatentha, kenaka sinthani kasikuluwu ka liwiro mpaka injini izilira modekha osazima. Pa njinga yokhala ndi wotchi yoonetsa kuzungulira kwa injini, mlingo wake umakhala pafupifupi 1,400 pa mphindi.

Onaninso oyilo wa injini. Ngati kabuleta inkadontha njinga ili chiimire, petulo angakhale atatsikira mu oyilo. Oyilo akakwera kupyola mzere, akachepa kulimba kapena akamanunkha petulo, musinthidwe musanayende. Ulendo woyamba ukhale waufupi, wopanda wokwera kapena katundu, mutaona mabuleki, mpweya wa m'matayala ndi tcheni.

Nthawi yopita kwa makaniko

Kiki ikamatsika mopepuka ngati mulibe kanthu, kapena ikakana kutsika n'komwe, vuto lili m'injini momwe. Chimodzimodzi ngati moto wa pulagi palibe ngakhale mwasintha pulagi, ngati jeti yathyokera m'kati, ngati kabuleta yadyeka mpaka kuboola, kapena thanki ikudontha. Thanki ya petulo musaiwotchere pakhomo, chifukwa nthunzi yotsalira imaphulika ngakhale thankiyo ioneke youma. Mukafika kwa makaniko, muuzeni miyezi imene njinga yaima ndi zonse zimene mwayesa. Pemphani kuti akuonetseni chipangizo chowonongeka asanakugulitseni chatsopano. Kabuleta yoyambirira yotsukidwa bwino nthawi zambiri imaposa yatsopano yotsika mtengo imene majeti ake sagwirizana ndi injini yanu.

Petulo wakale amene mwakhuthula musakolezere moto kapena mbaula, ndipo musamutaye m'ngalande, m'chimbudzi, kudimba kapena pafupi ndi mjigo. Musungeni m'chigubu chotseka bwino, cholembedwa, kutali ndi ana, ndipo mukampereke kugalaja.

Poimika njinga ulendo wina

Mavuto onsewa amapeweka ndi ntchito ya mphindi zisanu. Mukadziwa kuti njinga iima kupitirira masabata awiri kapena atatu, tsekani kampopi injini ikulira ndipo isiyeni izime yokha, kenaka masulani kasikuluwu kokhuthulira kuti kambale kaume. Ngati iima mwezi umodzi kapena iwiri, thanki yodzaza ndi yabwino kuposa ya theka, chifukwa mumakhala mpweya wochepa wobweretsa chinyontho. Ngati iima miyezi yambiri, khuthulani thanki ndipo petuloyo agwiritsidwe ntchito akadali wabwino. Chotsani waya wa batire, tsekani ekizozi ndi nsalu imene mudzakumbukire kuchotsa, ndipo imikani njinga pa sitandi ya pakati, pamalo ouma, osati m'chipinda chogona kapena chophikira. Pakakhala munthu wodalirika woiyendetsa mphindi 15 kapena 20 sabata iliyonse, ndi bwino koposa, malinga injini izitentha mokwanira.

Magulu a kabaza m'mawadi athu angathandizane pogula limodzi zida zochepazi ndi kuphunzitsana pa siteji, kuti amene wangogula kumene njinga asadzataye ndalama ya ngongole pa kabowo kosafika theka la milimita.